Woyenera kupikisana pa mpando wa Pulezidenti ndi gwero la ndalama za kampeni: mbiri ya mikangano iwiri

Chiyambire pamene dziko la Malawi linabwerera ku ndale za zipani zambiri m'chaka cha 1994, pafupifupi chisankho chilichonse cha Pulezidenti chakhala chikudza ndi mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti, kodi uje ndi woyenera mwa lamulo kupikisana nawo? Lachiwiri ndi lakuti, nanga ndalama zimene chipani chake chikumwaza pokopa anthu zachokera kuti? Funso loyamba limakathera ku makhoti, ndipo ngakhale mochedwa, limayankhidwa. Lachiwiri ndi limene limafika mpaka pa misika ya Migowi ndi Chiringa m'boma la Phalombe, litavala nsalu ya chipani ndiponso litakwera galimoto ya zokuzira mawu, koma yankho lake silinamvekebe bwino mpaka lero.

Zimene Malamulo Oyendetsera Dziko amafuna

Ndime 80 ya Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994 ndiyo imafotokoza za munthu woyenera kuima. Zofunika zake ndi ziwiri zokha: akhale nzika ya Malawi mwa kubadwa kapena kudzera mwa makolo, ndipo akhale atakwanitsa zaka 35. Kenaka ndimeyi imatchula anthu amene saloledwa. Iwowa ndi munthu amene anagamulidwa kuti mutu wake sukuyenda bwino, amene khoti linamupeza kuti walephera kubweza ngongole zake ndipo sanamasulidwebe, amene m'zaka 7 zapitazo anapezeka wolakwa pa mlandu wa kusakhulupirika kapena wophwanya malamulo a chisankho, amene ali pansi pa ulamuliro wa dziko lina, msilikali kapena wapolisi amene akali pa ntchito, ndiponso wogwira ntchito ya boma amene sanatule pansi udindo wake. Malire a ukalamba mulibe. Ndime 83 imaonjeza kuti Pulezidenti ndi achiwiri ake asalamulire kupyola matamu awiri otsatizana, ndipo tamu imodzi ndi zaka 5.

Malire a matamuwa sanalembedwe mwangozi. Dr. Hastings Kamuzu Banda anali atalamulira zaka 30, ndipo kuyambira 1971 anali Pulezidenti wamuyaya, udindo umene unathetsedwa m'chaka cha 1993 itachitika riferendamu ya pa 14 Juni. Amene ankalemba malamulo atsopano ankafuna kutseka chitseko chimenecho. Chimene sanaone n'chakuti mawu amodzi okha, akuti "otsatizana", adzavutitsa dziko kwa zaka zambiri.

Nkhondo ya matamu

A Bakili Muluzi a chipani cha UDF anapambana mu 1994 ndi mu 1999. Tamu yawo yachiwiri ili pakati, otsatira awo anayamba kunena kuti malire a matamu akuphera anthu ufulu wosankha mtsogoleri amene akumufuna. Pa 4 Julayi 2002 phungu wa AFORD, a Khwauli Msiska, anabweretsa m'Nyumba ya Malamulo bilu yochotseratu malirewo. Biluyi inkafuna magawo awiri mwa atatu a aphungu onse. Aphungu 125 anavomera, 59 anakana, ndipo inagwa chifukwa choperewera mavoti atatu okha. Chodabwitsa n'chakuti mwa amene anali kumbali ya biluyi munali a Chakufwa Chihana, amene anamangidwapo mu 1992 chifukwa cholimbana ndi ulamuliro wa munthu mmodzi, komanso a John Tembo ndi gulu lawo la aphungu a MCP.

Kunja kwa Nyumba ya Malamulo, maepiskopi a Mpingo wa Katolika, masinodi a CCAP, bungwe la mipingo ndi zipembedzo la PAC, maloya ndi ophunzira a pa yunivesite anatsutsa poyera. Boma linaletsa zionetsero zokhudza nkhaniyi, ndipo chiletsocho chinakafika ku khoti. Mu Januwale 2003 boma linayesanso ndi bilu ina, yololeza tamu yachitatu yokha, koma itaoneka kuti mavoti sakwana, inabwezedwa isanavoteredwe. Apa m'pamene a Muluzi anasankha a Bingu wa Mutharika kuti aimire UDF mu 2004. A Mutharika atapambana anatuluka m'chipanicho mu Febuluwale 2005 n'kuyambitsa DPP.

Kusemphana kumeneku ndiko kunabala mlandu waukulu koposa pa nkhani ya woyenera kuima. Mu 2009 a Muluzi anapereka zikalata zawo ku Bungwe Loyendetsa Chisankho la MEC. Mfundo yawo inali yakuti lamulo limaletsa matamu opyola awiri otsatizana, ndipo popeza iwo anali atapuma zaka 5, chiwerengero chinayenera kuyambiranso. Pa 20 Malichi 2009 bungweli, motsogozedwa ndi Jaji Anastasia Msosa, linawakana. Khoti loona za Malamulo Oyendetsera Dziko linagwirizana ndi MEC pa 16 Meyi, kutangotsala masiku atatu kuti anthu aponye voti pa 19 Meyi. Khotilo linaona cholinga cha ndimeyo osati mawu ake okha: munthu akalamulira matamu awiri, watha. A Muluzi anauza otsatira awo kuti avotere a Tembo, koma a Mutharika anapambana ndi pafupifupi mavoti 66 pa 100 alionse. Chigamulocho chinali chanzeru, koma nthawi imene chinaperekedwa sinali yabwino, pakuti chipani chachikulu chinakhala miyezi iwiri ya kampeni chisakudziwa ngati mtsogoleri wake adzakhale pa pepala lovotera.

Chigamulo cha 2009 chinasiya funso lina lotseguka. Ndime 83 imatchula Pulezidenti ndi achiwiri ake pamodzi. Ndiye munthu amene wakhala wachiwiri kwa matamu awiri, angaime ngati Pulezidenti? Funsoli linakambidwa kwambiri ponena za a Saulos Chilima, amene anali wachiwiri kwa a Peter Mutharika kuyambira 2014 ndiponso kwa a Lazarus Chakwera kuyambira 2020. Akatswiri a malamulo anagawikana, ndipo andale aliyense ankatsata katswiri amene akumukomera. A Chilima anamwalira pa ngozi ya ndege m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 Juni 2024, chisankho chisanafike.

Za a Peter Mutharika mu 2025 zinali zosavuta kumasulira, ngakhale ena ankanena kuti analumbiritsidwa kale kawiri. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti linafafaniza chisankho cha pa 21 Meyi 2019, chija cha Tipp-Ex, n'kubwezera zinthu mmene zinalili chisankhocho chisanachitike. Khoti la Suprimu linavomereza zimenezi pa 8 Meyi 2020. Motero mwa lamulo iwo anali atalamulira tamu imodzi yokha, ndipo MEC inawalola kuima.

Unzika, ndi chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza Phalombe

Pofika chisankho cha 2014, mkangano unali pa unzika. A Peter Mutharika anali ataphunzitsa za malamulo kwa zaka zambiri pa Washington University mumzinda wa St. Louis ku America, ndipo anali ndi chiphaso chokhalira m'dzikolo chotchedwa green card. Otsutsana nawo ankati chiphasocho chikusonyeza kuti ali pansi pa ulamuliro wa dziko lina. A DPP ankayankha kuti green card si unzika ayi, koma chilolezo chokhala ndi kugwira ntchito. Kumayambiriro kwa 2014 a Mutharika anabweza chiphasocho ndipo nkhani inazirala. Mu 2018 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la unzika kuti Mmalawi azitha kukhalanso nzika ya dziko lina, koma ndime 80 sinasinthidwe pa mfundo imeneyi.

Kuti tione mmene nkhani ya unzika ingagwiritsidwire ntchito ngati chikwanje, tiyang'ane ku Zambia. Mu 1996 boma la a Frederick Chiluba linasintha malamulo kuti woima pa upulezidenti akhale woti makolo ake onse awiri anali nzika za Zambia mwa kubadwa kapena mwa makolo. Aliyense anadziwa amene lamulolo linkamusaka: a Kenneth Kaunda, amene analamulira dzikolo zaka 27 koma makolo awo anachokera ku Nyasaland. A Kaunda sanaime, ndipo chipani chawo cha UNIP chinanyanyala chisankhocho.

Malawi alibe lamulo lotere, ndipo anthu a ku Phalombe ali ndi chifukwa chapadera choyamikirira zimenezi. Bomali, limene linapatulidwa ku Mulanje chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, lachita malire ndi Mozambique. Ambiri mwa anthu ake ndi Alhomwe amene makolo awo anaoloka kuchokera kum'mawa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ena pothawa nkhanza za Apwitikizi, ena pofuna ntchito m'maesiteti. Mpaka lero maukwati, maliro ndi malonda sizidziwa malire a dziko. Lamulo lofufuza komwe agogo a munthu anabadwira likanatsekera kunja mabanja ochuluka a kwa Nazombe, kwa Nkhulambe ndi kwa Chiwalo, monganso likanachitira kwa Angoni a ku Ntcheu kapena Ayao a ku Mangochi.

Milandu, msinkhu ndi ndalama zolembetsera

Ndime 80 imaletsa munthu wopezeka wolakwa, osati woganiziridwa chabe. N'chifukwa chake a Peter Mutharika anaima mu 2014 ali ndi mlandu woukira boma, umene anamangidwa nawo mu Malichi 2013 pa zimene zinachitika atamwalira a Bingu mu Epulo 2012. Mlanduwo unali usanagamulidwe, ndipo atapambana unathera pomwepo.

Za msinkhu zatsutsidwa kumbali zonse ziwiri. A Atupele Muluzi anakwanitsa zaka 35 mu Ogasiti 2013, miyezi yochepa chabe zikalata za chisankho cha 2014 zisanaperekedwe. Kumbali ya ukalamba, mu 2018 kunamveka maganizo oika malire a zaka, ndipo anabwereranso pamene chisankho cha 2025 chinkayandikira. A DPP ankati maganizowa akusaka munthu mmodzi, ndipo n'zovuta kuwatsutsa pamenepo, pakuti nkhaniyi inkangotentha nthawi imene a Mutharika akufuna kuima. Palibe lamulo linasinthidwa. Iwo anapambana chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 ali ndi zaka 85, napeza mavoti oposa 56 pa 100 alionse pakati pa opikisana 17.

Palinso chipata china chimene malamulo aakuluwo sachitchula: ndalama zolembetsera ku MEC. Mu 2009 zinali K500,000, mu 2014 K1 miliyoni, mu 2019 K2 miliyoni, ndipo mu 2025 zinafika pa K10 miliyoni. Pamwamba pake pamafunika masaini a ovota olembetsedwa ochokera m'boma lililonse. Ambiri amakumbukira a Ras Chikomeni Chirwa, amene mu 2019 anafika kodzapereka zikalata ali ndi mayi awo ngati wachiwiri wawo, koma analephera kukwaniritsa zofunikazi. Anthu anaseka, komabe nkhani yawo inaonetsa poyera kuti funso la woyenera kuima ndi funso la ndalama ndi pachibale.

Kumene zipani zimapeza ndalama

M'nthawi ya chipani chimodzi gwero linali lodziwika. Aliyense ankakakamizidwa kugula khadi ya MCP, ndipo achinyamata a chipani ankaima pa zipata za misika ndi pokwerera mabasi kufunsa khadiyo. Midzi inkasonkha mazira, nkhuku, mbuzi ndi ng'ombe ngati mphatso za Ngwazi. Kalata ya maepiskopi a Katolika ya nyengo ya Lenti, imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, inadzudzula zopereka zokakamiza ndi mchitidwe wotsekereza anthu opanda khadi. Panalinso makampani a Press, amene anali m'manja mwa Kamuzu. Boma la UDF litalowa linakhazikitsa lamulo la 1995 lokonzanso Press Trust, MCP inakasuma, ndipo Khoti la Suprimu linadzagamula mokomera boma.

Khadi yokakamiza itatha, palibe chipani chimene chinakwanitsa kudzidalira pa zopereka za mamembala. Ndime 40 imalamula boma kupereka ndalama kwa chipani chilichonse chimene chapeza mavoti oposa gawo limodzi mwa magawo khumi pa chisankho cha aphungu, koma ndalamazo n'zochepa poyerekeza ndi mtengo wa kampeni ya dziko lonse. Zotsalazo zimachokera m'thumba la mtsogoleri, kwa amalonda, ndi kwa amene zipani zimangowatcha "akufuna kwabwino". Apa m'pamene pagona vuto. Chipani chimene chimadya m'manja mwa mtsogoleri wake sichingamuuze kuti nthawi yake yatha, ndipo wamalonda amene wagulira chipani galimoto amayembekeza kontirakiti ya boma. Ndime 193 imaletsa kugwiritsa ntchito chuma cha boma potukula kapena kupondereza chipani, koma chipani chilichonse chimene chalamulirapo chadzudzulidwapo pa mfundo yomweyi, ndipo chilichonse chimaiona bwino ndimeyi chikakhala kotsutsa.

Milandu ingapo ndi yodziwika. Mu Febuluwale 2009, mkangano wa kuyenera kwawo uli mkati, a Muluzi anazengedwa mlandu wokhudza K1.7 biliyoni zimene boma linkati zinali thandizo lochokera kunja koma zinalowa mu akaunti yawo. Iwo anakana, ndipo a UDF ankati mlanduwo ndi wandale. Unayenda mwa apo ndi apo mpaka mu 2023 pamene boma linausiya popanda chigamulo. Mu Sepitembala 2013, pa ulamuliro wa mayi Joyce Banda, kunaphulika nkhani ya Cashgate atawomberedwa mkulu woona za bajeti a Paul Mphwiyo. Mmodzi mwa opezeka olakwa, a Oswald Lutepo, anali ndi udindo m'chipani cha PP, ndipo mu 2015 analamulidwa kukakhala kundende zaka 11. Iwo ananena kuti ankangogwiritsidwa ntchito ndi akuluakulu, koma mayi Banda anakana kukhudzidwa kulikonse.

Mu Julayi 2017 chipani cha DPP chinachititsa phwando losonkhetsa ndalama lotchedwa Blue Night ku Kamuzu Palace, ndipo zinamveka kuti makhonsolo ndi makampani ena a boma anasonkhako. Mabungwe omwe si a boma anakasuma kufuna kuti ndalamazo zibwezedwe. Chaka chotsatira kunatuluka lipoti la bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB losonyeza kuti kampani ya Pioneer Investments, imene inapatsidwa ntchito yogulitsa zakudya ku polisi, inaika K145 miliyoni mu akaunti ya DPP imene wosainira wake anali a Mutharika okha. ACB inadzanena kuti iwo sanapindulepo paokha, ndipo chipanicho chinalengeza kuti chibweza ndalamazo.

Lamulo la zipani la 2018

Lamulo latsopano la zipani za ndale linayamba kugwira ntchito pa 1 Disembala 2018. Limalamula chipani kuulula kwa Mlembi wa Zipani mphatso iliyonse yoyambira K1 miliyoni yochokera kwa munthu, kapena K2 miliyoni yochokera ku kampani kapena bungwe. Limaletsanso woima pa chisankho kugawa ndalama kapena katundu pofuna kukopa ovota, ndipo wolakwa angathe kulipa K10 miliyoni ndi kukhala kundende zaka 5. Koma lamulo lomwelo limapatula zinthu zina, monga zipangizo za kampeni ndi ndalama zobwezera mayendedwe a obwera ku msonkhano, ndipo khomo limeneli ndi lotakata kwambiri. Ndani angasiyanitse ndalama ya thiransipoti ndi ndalama yogulira voti, pamene wolandirayo wayenda wapansi kuchokera kuseri kwa sukulu?

Kwa zaka zoposa zisanu ofesi ya Mlembi wa Zipani inalibe mwini wake weniweni, ndipo ntchitoyo inkagwiridwa mogwirizira. Bungwe la maloya la Malawi Law Society linachita kupita ku khoti kuti lipeze zikalata zosonyeza amene amathandiza zipani zikuluzikulu. Mlembi woyamba wokhazikika, Dr. Kizito Tenthani, anasankhidwa mu 2024, ndipo chisankho cha 2025 ndicho chinali choyamba kuchitika ofesiyi ili ndi mkulu wake.

Mmene zimaonekera ku Phalombe

Phalombe ndi limodzi la maboma amene DPP imapezako mavoti ochuluka koposa, pamodzi ndi Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu. Kale, pamene wopambana ankangofunika kuposa anzake, boma lotere silinkafuna khama lalikulu. Chigamulo cha 2020 chinasintha masamu. Tsopano wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka, choncho voti ya ku Mpasa ndi yolemera chimodzimodzi ndi ya ku Ndirande. Chipani champhamvu m'deralo chimafuna kuti aliyense wolembetsa akavote, ndipo zipani zina zimafuna kungonyotsolako pang'ono. Zonsezi zimafuna mafuta a galimoto, nsalu, malaya ndi ndalama za oyang'anira pa malo ovotera. Kupikisanaku nthawi zina kumafika poipa: mu Meyi 2020 mdipiti wa galimoto za a Chilima unagendedwa m'bomali pa kampeni ya chisankho chobwereza cha pa 23 Juni. Chaka chomwecho anthu a dera la Phalombe North anavotanso kusankha phungu, khoti litafafaniza zotsatira za 2019.

Chimene chimapangitsa nkhani ya zogawagawa kukhala yovuta kuno ndi umphawi wodza ndi ngozi. Mu Malichi 1991 napolo wochokera m'phiri la Michesi anakokolola midzi ndi kupha anthu mazanamazana. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba, kukwirira minda ndi mchenga ndi miyala, ndi kudula misewu, makamaka kwa Nkhulambe. Anthu ambiri amadalira nandolo, mpendadzuwa ndi nsomba za ku nyanja ya Chilwa, ndipo mitengo yake saikhazikitsa okha. Pamalo potere thumba la ufa lochokera kwa wandale ndi chakudya chenicheni kwa banja limene lagona ndi njala, ndipo kuuza mayi wa ana asanu kuti alikane n'kosavuta kwa munthu wokhuta yekha. N'chifukwa chake lamulo limalanga wogawayo. Amene amaphunzitsa anthu za chisankho m'midzi, monga bungwe la NICE ndi nthambi ya Chilungamo ndi Mtendere ya CCJP, amatsindika kuti voti ndi yachinsinsi, ndipo palibe amene angadziwe pamene munthu wachonga akalowa m'chipinda chovotera.

Palinso kusokonekera pakati pa thandizo la boma ndi mphatso ya chipani. Makuponi a feteleza wotsika mtengo, amene anayamba m'nyengo ya ulimi ya 2005/2006, ndiponso chimanga cha thandizo m'zaka za njala, zimagulidwa ndi misonkho ya anthu ndi ndalama za mayiko othandiza. Komabe zikamagawidwa pa msonkhano pomwe pali mbendera za chipani, wolandira amathokoza chipanicho. Nthawi yovomerezeka ya kampeni ndi pafupifupi miyezi iwiri, ndipo imatha kutatsala maola 48 kuti kuvota kuyambe. Mu 2025 inayamba pa 14 Julayi n'kutha pa 14 Sepitembala, koma kugawa katundu wa boma kulibe kalendala yotere.